Khadi la Bambo, Thupi la Amalume

Ferndale, Randburg
Johannesburg
9 Novembala 2025

Okondedwa achimwene Arthur,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Balaka. Ine kuno ndili moyo ndipo ku ntchito ndikupita, koma sindinama kuti ndili bwino. Ndasankha kulemba papepala ndi dzanja langa chifukwa mauthenga anayi amene ndinakutumizirani pafoni sabata yatha munawatsegula, timizere tija tinasanduka tabuluu, ndipo yankho lanu linali kachithunzi ka manja opemphera. Nkhani imene ndili nayo siyankhidwa ndi kachithunzi. Kalatayi ndaipereka kwa mayi Thandizo a ku tchalitchi kwathu, amene akwera basi Lachiwiri, ndipo ndawapempha kuti aiike m'manja mwanu, osati m'manja mwa alamu kapena mwa munthu wina aliyense.

Mukundidziwa. Zaka khumi ndi chimodzi ndagwira ntchito mu ofesi ya kaundula ku Sandton, ndipo palibe pepala limene limatuluka m'manja mwanga ndisanasunge linzake lofanana nalo. Munkandiseka nazo, munkanditcha mayi fayilo. Lero mayi fayilo akulemberani, ndipo ndifotokoza zinthu motsatana monga zinachitikira, kuti pasadzakhale ponena kuti simunamvetse.

Bambo ali ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna kaja kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo. Tinauzidwa pa 21 Okutobala. Ndayamba ndi zimenezi kuti zotsatirazi musaziwerenge mothamanga.

Pa 27 Ogasiti abwana awo aakazi a ku Fourways anandiimbira ndili ku ntchito. Anati apeza bambo atakhala pansi pakati pa maluwa, thukuta lili kamukamu, sizasi yodulira mpanda ili pambali, akulephera kudzuka. Munthu amene wasamala dimba limenelo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osajomba anali atatha tsiku lathunthu osataya madzi, ndipo sanauze aliyense. Kuchipatala anawaika kapaipi ka mkodzo, nawatenga magazi. Muyezo umene amautcha PSA unatuluka 19. Namwino anandiuza kuti kwa munthu wa msinkhu wawo ukapitirira 4 madokotala amayamba kale kufunsa mafunso.

Anatitumiza kwa dokotala wa matenda amenewa, dzina lake a Fahad. Ndi munthu wofatsa ndipo amafotokoza pojambula papepala. Anatsegula fayilo ya bambo nati, "Ndikuona kuti mu 2022 tinakutenganipo timinofu tokayeza, ndipo sitinapeze kanthu. Koma ija inali njira yakale. Ulendo uno tichita mosiyana."

Ndilemba kusiyana kwa njira ziwirizi monga anafotokozera, chifukwa ndinakulemba m'kabuku kanga ndiponso chifukwa mufunika kukumvetsa. Pa njira yakale singano imadzera kumalo kotulukira chimbudzi. Dokotala amabaya malo khumi ndi awiri motsata ndondomeko yokhazikika, koma pamene pali nthendayo sapaona. Akhoza kuigunda, akhozanso kuidutsa pambali, makamaka ikakhala kutsogolo kwa chiwalocho kumene singano yochokera kumbuyo sifika bwino. Ndipo poti yadzera m'njira yauve, amuna ena amadwala malungo aakulu pambuyo pake. Pa njira yatsopano amayamba akugonekani m'makina a MRI, makinawo naonetsa malo okayikitsa. Kenaka singano imalowera pakhungu la pakati pa miyendo, yolunjika pamalo omwewo. Ine ndinazimva msanga. Munthu amene akufuna pepala lotayika akhoza kutsegula madirowa khumi ndi awiri mongoyerekeza, kapena akhoza kuyamba waona m'kaundula kuti pepalalo lili mudirowa iti.

Achimwene, taganizani amene ankamasulira zonsezi. Chingerezi cha bambo ndi cha m'dimba, chosakaniza ndi Chifanakalo cha ku migodi. Mawu a dokotala ankadutsa pakamwa panga. Ine, mwana wamkazi, ndinakhala pakati pa amuna awiri ndikutchula ziwalo zimene mwana wamkazi satchula pamaso pa atate wake. Bambo anayang'ana chipewa chawo pamaondo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ntchito imeneyo inali yanu. Kwathu nkhani za kunsi kwa lamba bambo amakamba ndi mwana wamwamuna, ndipo n'chifukwa chake zaka zonse munali kuno sindinalowererepo. Ndinkati ndikupereka ulemu.

Makina anaonetsa banga kutsogolo kwa chiwalocho. Pa 7 Okutobala anawabaya njira yatsopano, timinofu tinayi pabanga lenilenilo ndi tina tozungulira. Tinayi tonse tinali ndi khansa, ndipo yayamba kale kutuluka m'khungu la chiwalocho. M'mafupa sinafike, pamenepo tithokoze Mulungu. Koma opaleshoni akuti siithandizanso. Chatsala ndi jakisoni wa miyezi itatu iliyonse ndi kuiwotcha ndi makina.

Tsiku lotipatsa zotsatira, dokotala anatulutsa fomu ina. Anati iye ndi anzake akusonkhanitsa mbiri ya amuna amene anayezedwa njira zonse ziwiri, kuti aone kuti yakale imaphonya kangati ndipo yatsopano imapeza kangati. Anati bambo ndi chitsanzo chomveka bwino: njira yakale inati palibe, yatsopano yapeza, ndipo nthenda ili kumalo komwe singano yakale imavutika kufika. Anapempha kuti asayine chilolezo. Kenaka anafunsa mwachifundo, "Baba, ulendo woyamba uja munavutika kwambiri, eti? Ndikuona munagona kuno masiku atatu ndi malungo."

Ndinamasulira. Bambo anagona m'chipatala masiku atatu ine osadziwa?

Bambo anayankha motsitsa, "Pang'ono, dokotala."

Ndinawapatsa cholembera. Anachiyang'ana, nabweza dzanja. "Aikona. Ichi sindisayina."

"Bambo, si zoopsa. Ndi chilolezo chabe."

"Ndati sindisayina, Esitere. Tiye tizipita."

Ndinawaperekeza pa takisi mpaka Fourways. Ine nditafika kunyumba sindinavule ngakhale nsapato. Ndinatsitsa bokosi la mapepala a banja, ndinatulutsa pepala la zotsatira za 2022, lija munandipatsa m'jumbo la pulasitiki tsiku limene munkanyamuka kubwerera kumudzi, mu Januwale 2023. Mawu anu ndikuwakumbukira bwino lomwe: "Za madala izi, sisi. Anayezedwa, ali fiti." Pamwamba pali dzina la bambo, Elia, ndi nambala ya fayilo yawo. Tsiku lobaya ndi 16 Ogasiti 2022. Ndinatsegula fotokope ya pasipoti yawo. Chidindo chotulukira pa Beitbridge ndi cha pa 6 Ogasiti 2022. Cholowera ndi cha pa 29 Ogasiti. Pa 16 Ogasiti bambo anali ku Balaka, akumanga chiliza pamanda a mayi. Inu simunapite chifukwa cha ntchito ya zomangamanga, ine ndinali ndi khanda la milungu itatu, ndipo amalume a Friday, mlongo wawo wa mayi, anatsala ku Hillbrow chifukwa ankadwala.

Ankadwala. Mawu amenewo ndinawabwereza katatu ndili chiimire pakati pa nyumba.

Lamulungu masana titaweruka ku tchalitchi ndinapita kukachipinda kawo kuseri kwa nyumba ya abwana. Ndinawapeza akunola sizasi pakhomo. Ndinaika mapepala awiriwo pampando.

"Bambo, pa 16 Ogasiti 2022 munali kuti?"

"Iwe, wayamba khoti?"

"Munali kuti, bambo?"

Ananola kawiri katatu, naika mwala pansi. "Friday ndi mlamu wanga. Ankalira ndi mkodzo ngati mwana. Mapepala ake anatha kalekale, ndipo masiku amenewo pageti pa chipatala pankaima anthu ofunsa ziphaso. Arthur anati, bambo, khadi lanu lilibe chithunzi, msinkhu wanu ndi umodzi, ndani adziwe? Ndinampatsa. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ndiye inu simunabayidwepo?"

"Singano yoyamba ndi ya mwezi uno."

Tsopano mvetserani zimene nzeru zanu zinabala. Mu Meyi 2023 bambo anayamba kuvutika potaya madzi, napita okha kuchipatala ndi khadi lomwelo. Magazi anatuluka 7. Dokotala wa tsikulo anatsegula fayilo, naona zolembedwa zooneka bwino, nati, "Madala, chaka chatha tinakuyezani, mulibe khansa. Uku ndi kutupa kwa ukalamba. Imwani mapilitsi awa." Dokotalayo sindimuimba mlandu. Anawerenga zimene zinalembedwa, monga ndimachitira ine tsiku lililonse. Ndipo bambo akanati chiyani? Kuti fayilo yawo ili ndi thupi la munthu wina? Ankaopa kuti chiphaso chawo chokhalira kuno chilandidwa, kuti amalume amangidwa, kuti inu mutchulidwa. Analandira mapilitsi, nathokoza, nabwerera ku maluwa awo.

Ndinamufunsa dokotala Fahad mosapita m'mbali kuti, ikanapezeka mu 2023, zikanakhala bwanji? Sanafune kulonjeza kanthu. Anangoti, "Tikanakhala ndi njira zambiri zosankhapo." Zaka ziwiri ndi miyezi isanu, achimwene. Ndaziwerenga pa kalendala, sindikukokomeza.

Mudzanena kuti munachita chifundo. Ndikudziwa kuti mudzatero, ndipo mudzati aliyense ku Joni amachita zomwezo, kuti wina amagwirira ntchito dzina la mbale wake, wina amagona pabedi la mnzake masana. Khadi la chipatala si jekete lobwerekana. Fayilo ija ndi thupi la munthu lolembedwa papepala. Chimene chandipweteka koposa si tsiku limene munapereka khadilo, pakuti amalume analidi pamavuto ndipo mantha a pageti ndikuwadziwa. Chandipweteka n'chakuti munanyamuka osakonza. Munali ndi miyezi isanu yoti mundiuze. Munaima pakhomo panga, munanyamula mwana wanga, munamwa tiyi wanga, kenaka munandipatsa bodza lokhala ndi chidindo cha chipatala kuti ndilisunge pamodzi ndi satifiketi ya imfa ya mayi. Munadziwa kuti ine pepala ndimalikhulupirira. Munagwiritsa ntchito chimenecho.

Pali china chimene ndiyenera kulemba, ngakhale dzanja likukana. Mu Juni 2023 bambo anabwera kwanga Loweruka, chinthu chimene sachita popanda chifukwa. Anakhala nthawi yaitali akusewera ndi mdzukulu wawo. Potsazikana anaima pakhomo nati, "Esitere, m'thupi muno simuli bwino. Mwina atandiyezanso." Lero ndikudziwa kuti mawu amenewo anawalemera motani, munthu wamkulu kuyambitsa nkhani yotere kwa mwana wake wamkazi. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinapita kubokosi, ndinatulutsa pepala lanu lija, ndinawawerengera mokweza ngati mphunzitsi. Ndinati, "Bambo, zalembedwa apa. Palibe khansa. Musadzivutitse ndi maganizo." Anandiyang'ana, nati, "Chabwino, mayi," navala chipewa. Ine amene ndimabweza kalata ya bwana wamkulu ikasowa tsiku, sindinayang'ane tsiku papepala la bambo anga. Ndinaona dzina, ndinaona mawu amene ndinkafuna kuona, ndinatseka bokosi. Munthu anali chiimire patsogolo panga akundiuza zoona, ine ndinamutsutsa ndi pepala. Mkwiyo umene mukuumva m'kalata ino si wanu wonse. Koma musatenge mawu amenewa ngati chikhululuko, chifukwa sindinafike pamenepo.

Pa 4 Novembala ndinabwerera kwa dokotala. Bambo anandiletsa, anati ndiwabweretsera apolisi pakhomo. Ndinawayankha kuti mankhwala amene awapatse atsatira fayilo, ndipo m'fayilo muli malungo, magazi ndi mbiri ya munthu wina. Ndinati sindilola kuti awotchedwe ndi makina pa mbiri ya amalume. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinawamvere. Anabwera nane, koma anakhala panja pabenchi.

Ndinaika pasipoti ndi pepala patebulo, ndinafotokoza. Dokotala anaika cholembera pansi.

"Ndiye kuti bambo anu sanayezedwepo njira yakale."

"Sanayezedwepo."

"Ndiye singano ija sinaphonye kanthu mwa iwo. Ine ndinatsala pang'ono kuwawerengera pakati pa amuna amene inawaphonya, ndipo madokotala ena akanawerenga zimenezo n'kuzikhulupirira." Anatenga fomu ya chilolezo ija naing'amba pakati. "Madala anachita bwino kukana kusayina. Auzeni choncho."

Ndinafunsa za chiphaso chawo. Anati ntchito yake ndi matenda, si mapepala a m'malire, ndipo alemba kuti masamba a 2022 ndi a munthu wina, achotsedwe m'fayilo. Kenaka anafunsa funso limene ine, mu mkwiyo wanga wonse, sindinaliganize: "Nanga munthu winayo ali kuti?"

Anandionetsa tsamba limene inu simunandipatse, mwina simunaliwerenge n'komwe. Magazi a amalume mu 2022 anali 11. Pansi pa zotsatira panalembedwa kuti wodwala abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo magazi akakhalabe okwera alowe m'makina a MRI, chifukwa njira yakale ikati palibe sikuti nkhani yatha. Uthenga wowakumbutsa unapita pafoni ya bambo, m'Chingerezi, ndipo bambo anauyesa wa otsatsa malonda. Amalume anabwerera kumudzi akuuza aliyense kuti madokotala a ku Joni anawapeza alibe kanthu. Azakhali anandiuza pa Isitala kuti amalumewo akuonda ndipo sachedwa kupita kuseri. Mwaona? Khadi limodzi lanamiza amuna awiri. Mmodzi anauzidwa kuti ali bwino asanayezedwe. Wina anayezedwa theka, nauzidwa kuti zatha.

Tsono zimene ndikufuna kwa inu ndi izi, ndipo sindikupempha monga mlongo wanu wamng'ono amapemphera sopo.

Mu envulopu muno muli masamba atatu a 2022 ndi kalata yaifupi ya dokotala Fahad yofotokoza zimene zinachitidwa ndi zimene zikufunika. Dzina la bambo pamasambawo sindinalifufute, chifukwa chikalata sichifufutidwa, koma kalata ya dokotala ikunena kuti mwini wake ndi wina. Sabata yomwe mwalandira, mutenge amalume mupite nawo kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Akalembetse dzina lawo, Friday, ndi chaka chawo chobadwa, osati cha munthu wina. Mukafunse ngati makina aja alipo ndipo ngati angathe kuyamba ndi amenewo. Akapanda kukhalapo, ayezedwe njira imene ilipo, koma mukauze dokotala kuti aka n'kachiwiri. Musawatume okha. Mukalowe nawo m'chipinda ndipo mukamve ndi makutu anu.

Mukatha zimenezo mubwere kuno. Kuwotcha kuyamba pa 1 Disembala, tsiku lililonse kupatula Loweruka ndi Lamulungu, kwa milungu ingapo. Ine ndikhoza kuwaperekeza, ndapempha kale tchuthi. Chimene sindingathe n'china. Bambo akadali ndi kapaipi kaja ndi thumba lomangirira pamwendo. Manja awo akunjenjemera, ndipo Lachinayi lapitali thumba linatayikira pa buluku ali m'takisi, pamaso pa anthu. Titafika ndinatenthetsa madzi, ndinatenga thaulo, ndinagogoda. Anatseka chitseko ndi loko. Anati, "Iwe ndiwe mwana wamkazi. Ndife kaye." Ndinaima panja ndi beseni mpaka madzi anazizira, ndikumva munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu akulimbana yekha ndi kapaipi. Pamenepo mpamene pakufunika mwana wamwamuna. Musandiuze za pasipoti. Fotokope yake ndili nayo, ikutha mu 2029.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti sindinawaiwale ngakhale kalatayi si yawo. Moni kwa Miracle ndi Omega, alimbikire sukulu. Moni kwa azakhali. Mukadutsa kumanda, muzule udzu pachiliza cha mayi. Bambo akuti pangodya ya kumutu simenti inachepa, muone ngati sipanang'aluke.

Bambo ndinawauza dzulo kuti ndikukulemberani. Ndinayembekeza kuti anena mawu olemera, ndipo ndinatenga kabuku kuti ndiwalembe monga anenera. Anafunsa kaye ngati mvula yayamba ku Balaka. Kenaka anati, "Umuuze Arthur kuti sindinamukwiyire, khadi ndinapereka ndine. Umuuze abwere ndi lumo lija la kumudzi, awa a kuno amandicheka. Ndipo Friday asadziwe kuti matenda anga anachedwa chifukwa cha iye. Angomuuza kuti dokotala akufuna kumuonanso. Munthu akadwala asasenzenso wina pamsana."

Ndinawauza kuti zimenezo si zoona zonse. Anati, "Ndikudziwa, mayi. Lemba choncho."

Ndalemba choncho. Amalume muwauze zokhazo zimene bambo anena, osawonjezera. Ndipo popeza zoona zonse zili m'kalata ino yokha, dziwani kuti iyi ndi yoyamba m'moyo wanga imene sindinasunge inzake. Mukatha kuwerenga, mutulutse mapepala a chipatala, kalatayi muiwotche. Tsiku la 1 Disembala mulilembe penapake pamene simungalitaye.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wodikira pa siteshoni,

Esitere